PAINI NDI MUNDA WA MATABWA, SI NKHALANGO

(Mau okambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a masukulu a mishoni m'boma la Chadiza)



Mphunzitsi ali yense wa kumudzi adziwa bwino umphawi wa matabwa. Ana atatu kapena anai apanikizana pa desiki limodzi, ena nakhala pa njerwa. Citseko ca kalasi cikathyoka cikhala comweco caka cathunthu. Ndipo komiti ya makolo ikafuna mitanda ya denga, ndalama zambiri zithera pa matabwa ocokera kutali. Ciyambire caka ca 1908, pamene mishoni ya Nsadzu inakhazikitsidwa, masukulu a dera lino sanaleke kufuna matabwa, koma milombwa ndi mibawa ikulu-ikulu imene amisiri akale anali kuceka yayamba kusowa. Cifukwa ca ici aphunzitsi ambiri ali kufunsa ngati nkwabwino kubzala paini pa malo a sukulu ndi m'midzi. Ena aonjezapo mau akuti paini adzabweza nyama ndi mbalame zimene zinathawa. Yankho la funso loyambalo ndi inde, koma mosamala. Mau aciwiriwo ndiwo ofunika kuwaunika bwino, pakuti akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

KUMENE PAINI ANACOKERA

Paini ndi mlendo m'dziko muno. Mitundu yace yodziwika kuno iri itatu. Pinus patula anacokera ku mapiri ozizira a Mexico, ndipo ndiye wabzalidwa kwambiri pa mapiri a Malawi. Pinus kesiya anacokera ku maiko a kum'mawa, monga India, Burma ndi Philippines. Pinus oocarpa kwao ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nalo ca kumwera. Mitundu iwiri yotsirizayi ipirira ndi kutentha koposa woyambayo, ndipo ndiyo yopezeka kwambiri m'Zambia.

Boma linayamba kubzala minda ikulu-ikulu ya paini ku Copperbelt m'zaka za m'ma 1960, cifukwa migodi ndi matauni zinali kutha mitengo yacilengedwe. M'caka ca 1982 minda imeneyo inapatsidwa kwa kampani ya ZAFFICO, imene iyang'anira mahekitala pafupi-fupi 50,000 a paini ndi bulugamu ku Ndola, Chati, Ichimpe ndi Lamba. Ku Malawi nako, kuyambira caka ca 1964, boma linabzala mahekitala pafupi-fupi 53,000 ku Chikangawa pa mapiri a Viphya, ndi colinga cakuti mitengoyo idzapangidwe mapepala. Fakitale ya mapepalayo siinamangidwe, tsono mitengo inasanduka ya matabwa. Ndipo pambuyo pace moto wa caka ndi caka pamodzi ndi kudula kosabzalanso zinasiya mbali yaikuru ya Chikangawa iri mbee. Mbiri imeneyi iphunzitsa zinthu ziwiri: kuti paini apatsadi matabwa ambiri msanga, ndi kuti munda wa paini wopanda mlonda ukhoza kutha m'zaka zowerengeka.

KODI CHADIZA NDI MALO A PAINI?

Pano mphunzitsi ayenera kunena zoona kwa makolo. Copperbelt alandira mvula yoposa mamilimita 1,200 pa caka, ndipo mapiri a Viphya ndi ozizira ndi a nkhungu. Chadiza ali m'cigawo cimene mvula yace ikhala pakati pa mamilimita 800 ndi 1,000, ndipo kuyambira Meyi kufikira Okutobala mvula kulibe. Zaka zina igwa yocepa koposa apa, monga m'dzinja la 2023 ndi 2024, pamene cilala cinaononga cimanga m'zigawo zambiri za dziko lino. Cotero paini sadzakula pali ponse m'boma muno. Afuna nthaka yakuya yosasunga madzi, monga katondo wa m'munsi mwa phiri. Pa mwala wobisika pansi mbande ziphuka bwino zaka zitatu kapena zinai, ndipo pambuyo pace ziuma m'cirimwe. Pa dambo mizu yace iola.

Cifukwa cace sukulu isayambe ndi munda waukuru. Lima imodzi, ndiyo malo a mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, ikwanira poyesa. Mphunzitsi asagule mbeu kapena mbande asanapite kwa mlangizi wa Dipatimenti ya Nkhalango ku Boma, kuti aone malowo ndi kuchula mtundu woyenera. Safunsa anadya phula. Mlangizi akati malowo sayenera paini, palibe manyazi. Iripo mitengo yina ya mirimo ndi nkhuni imene ikula bwino kuno.

NYAMA ZIFUNA CAKUDYA, SI MTHUNZI WOKHA

Tsono nkhani ya nyama. Munthu wolowa m'munda wa paini wa zaka khumi ndi zisanu azizwa ndi bata lace. Pansi pali masamba ouma onga singano, ounjikana monga mphasa. Udzu ndi wocepa, zitsamba ndi zocepa, ndipo kulira kwa mbalame kumveka apo ndi apo. Cifukwa cace ncosabvuta kucimvetsa. Paini sabala cipatso cimene canga kapena mleme ungadye. Alibenso maluwa a madzi otsekemera, pakuti ufa wace wobereketsa uuluka ndi mphepo. Cotero njuci sizipeza uci m'menemo, ndipo popanda njuci mbalame ya nsadzu iribe kotsogolera munthu. Matondo ndi mphalabungu zidya masamba a mitengo ya kuno. Nkhanga ndi nkhwali zifuna njere za udzu, ciswe ndi ziwala, ndipo izi zicepa pansi pa mthunzi wosatha. Inde, gwape akhoza kubisala m'paini wacicepere, njiwa ndi kudzagona m'nthambi zace, kabawi ndi kumangamo cisa. Koma zonsezi zibwera kudzagona, ndipo kukaca zipita kwina kukadya.

Kumene zikadyako ndi ku chire la mombo, mtondo, msuku, msolo, mpoza, nthudza ndi mkuyu. M'chire lotere mtengo uli wonse uli ndi nyengo yace: wina ucita maluwa, wina ugwetsa zipatso, wina uphuka masamba anthete, kotero kuti caka conse cinthu camoyo cipeza kanthu. Bowa wambiri amene amai azula m'dzinja amera pamenepo cifukwa mizu ya bowayo ikhala pa ubale ndi mizu ya mombo ndi msuku. Mitengoyo ikatha, bowa nayenso atha. Pamenepo ndiponso pacokera luzi, mankhwala, uci ndi masuku amene ana agulitsa m'mbali mwa mseu.

Ndipo chire limeneli liri ndi mphamvu imene paini alibe. Mombo ukadulidwa, citsa ndi mizu yace ziphukanso. Malo amene anatemedwa makala, akangochingidwa ku moto, ku nkhwangwa ndi ku mbuzi, ayamba kubwerera okha popanda kugula mbande imodzi. Koma paini wamkuru akadulidwa, citsa cace cifa.

Paini akhozanso kucita nkhanza pa eni dziko. Pa phiri la Mulanje ku Malawi, Pinus patula amene anabzalidwa kumeneko anafesa mbeu zace yekha nafalikira m'malo a mkungudza wa pa phiripo, kotero kuti anthu anagwira nchito yaikuru ya kumdula ndi kumzula. Ku South Africa lamulo la madzi la caka ca 1998 liwerengera minda ya mitengo yotere monga cinthu cocepetsa madzi a m'mitsinje, ndipo wofuna kubzala munda waukuru ayenera kuyamba wapempha cilolezo. Phunziro lace kuno ndi lakuti paini asayandikire dambo, kasupe, citsime kapena gombe la mtsinje. M'malo otere muyenera katope, mkuyu, mbawa ndi nsungwi.

Kodi tsono paini alibe thandizo pa nyama? Ali nalo, koma lodzera njira yina. Sukulu ndi mudzi zikakhala ndi munda wao wa matabwa, nkhwangwa ipumula ku chire. Mlombwa umene ukadagwa cifukwa ca citseko ukhala ciriri. Umo ndimo paini athandizira gwape. Lamulo lace ndi limodzi: paini abzalidwe pa malo amene anaguga kale, ndipo mtengo wacilengedwe ngakhale umodzi usagwe kuti upatse paini malo.

KABZALIDWE KACE

1. Nazale. Mbeu zifesedwe mwezi wa Juni kapena Julayi, kuti pofika Disembala mbande zikhale zotalika masentimita 20 kufikira 30. Pali cinsinsi cimodzi cimene ciyenera kudziwika. Paini, monga mombo, akula mothandizana ndi bowa wa pa mizu yace, ndipo bowa wa paini sapezeka m'nthaka imene paini sanamerepo. Azungu oyamba kuyesa mtengowu m'maiko a Africa analephera kambiri asanazindikire ici. Cotero dothi la m'macubu lisanganizidwe ndi dothi pang'ono lotapa pansi pa paini wamkuru. Popanda ilo mbande zikhala zacikasu ndi zopinimbira.

2. Kuoka. Nyengo ya kubzala mitengo m'dziko lino iyamba pa 15 Disembala, pamene nthaka yakhuta mvula. Maenje akumbidwe kale, motalikirana mamita atatu mbali zonse. Pa hekitala imodzi palowa mitengo 1,111, ndipo pa lima imodzi pafupi-fupi 275. Ana a makalasi apamwamba aziwerengere okha ziwerengero izi ndi cingwe ndi zikhomo. Limenelo ndi phunziro la masamu losaiwalika. Mbande zakufa zilowezedwe m'malo mwezi usanathe.

3. Kupalira. M'mera mpoyamba. Zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba udzu ndiwo mdani wamkuru, pakuti ulanda madzi ndi kuitana moto. Ng'ombe ndi mbuzi zisaloledwe kulowamo kufikira mitengo itapitirira msinkhu wa munthu.

4. Kudulira ndi kupatulira. Nthambi za m'munsi zidulidwe ndi sowo, mofanana ndi thunthu, kuti thabwa lisadzakhale ndi mfundo zambiri. Mitengo ikayamba kupanikizana, yokhota ndi yofooka icotsedwe, monga mlimi apatulira cimanga. Nchito imeneyi icitika kawiri kapena katatu, ndipo pa lima imodzi padzatsala mitengo yosafika 100, koma yonenepa. Ambiri acita cisoni ndi kupatulira, natsiriza ndi munda wa timitengo toonda topanda thabwa.

5. Kukolola. Paini wa matabwa akhwima patapita zaka 20 kufikira 25. Thabwa lace ndi lofewa ndi lopepuka, lokoma pa madesiki, mabenci, makabati ndi mitanda ya denga. Koma ciswe cilikonda, ndipo pansi kapena pa mvula liola msanga likapanda kuthiridwa mankhwala.

MOTO

Mombo uzolowera moto, koma paini wacicepere ayaka monga muuni, cifukwa ca utomoni wace ndi masamba ouma a pansi. Moto umodzi wa mwezi wa Okutobala ukhoza kutha nchito ya zaka khumi dzuwa lisanapendeke. Caka ciri conse, udzu usanaumitsitse m'mwezi wa Meyi kapena Juni, ana ndi makolo alambule mpata wa mamita asanu kapena kuposapo kuzungulira munda wonse. Ndipo apa mphunzitsi ali ndi mphamvu imene mlangizi wa boma alibe, pakuti ambiri amene atentha chire posaka mbewa ndi akalulu ndi anyamata amene akhala pamaso pace m'kalasi. Mnyamata amene anaoka mzere wace, nalemba dzina lace pa cikhomo, sabwera ndi macesi pamenepo.

MWINI MITENGO NDANI?

Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene aoka mbande lero adzakhala bambo kapena mai wa zaka makumi atatu pa tsiku la kuceka. Mphunzitsi amene anayamba nchitoyo adzakhala atasamutsidwa kale, kapena atapuma. Cifukwa cace munda wa sukulu usakhale pa dzina la mphunzitsi. Malo ambiri m'boma lino ali m'manja mwa mafumu, monga a Zingalume, a Mwangala ndi a Mlolo, pansi pa Kalonga Gawa Undi. Komiti ya makolo iyambe yagwada kwa nyakwawa ndi kwa mfumu, malire aikidwe pamaso pa anthu, ndipo pangano lilembedwe: malo ndi a yani, wolambula moto ndani, ndalama za matabwa zidzagwira nchito yanji. Kalata imodzi ikhale ku sukulu, yina kwa mfumu, yina ku mishoni. M'buku la sukulu mulembedwe tsiku la kuoka, mtundu wa paini ndi ciwerengero ca mitengo, kuti wodzalowa m'malo asayambe m'cimbulimbuli.

Lamulo la Nkhalango la caka ca 2015 lipatsa anthu a m'midzi mpata wa kupanga gulu loyang'anira nkhalango yao, mogwirizana ndi mfumu ndi Dipatimenti ya Nkhalango. Mphunzitsi, pokhala wodziwa kulemba makalata, akhoza kuthandiza mudzi kuti phiri kapena chire loyandikana ndi sukulu lisungidwe mwa njira imeneyi.

MAU OTSIRIZA

Buku la Genesis lisonyeza kuti munthu woyamba anapatsidwa nchito ziwiri m'munda muja, ya kulima ndi ya kusunga. Sukulu ya kumudzi iyenera kuphunzitsa zonse ziwiri, ndipo iri yonse ikhale ndi malo ace. Lima imodzi ya paini pa malo oguga, yopaliridwa ndi yochingidwa ku moto, ndiyo nchito ya kulima. Cigawo ca chire la mombo ndi msuku cimene ana aleka kutema, kutentha ndi kucheramo misampha, ndiyo nchito ya kusunga. Aphunzitsi amene asonkhana pano akabwerera ku masukulu ao, ayambe ndi kuyendera malo pamodzi ndi nyakwawa ndi mlangizi mwezi wa Juni usanafike, kuti nazale ifesedwe pa nthawi yace. Kuona maso a nkhono nkudekha. Amene adzakhala pa madesiki a mitengo imeneyo ndi ana a ana amene ali m'kalasi lero.