Mabanki Atatu ndi CheckFree

Usiku uno nkhani yathu icokera ku America.

M'caka ca 1999 mabanki atatu akulu, Chase Manhattan, First Union ndi Wells Fargo, anapangana kuyambitsa njira yao-yao yakuti anthu azilipira magetsi ndi telefoni pa kompyuta. Pa nchito imeneyi kampani ya CheckFree ndiyo inali patsogolo. Eni masheya ace atamva mbiriyi anacita mantha nayamba kugulitsa, mtengo nugwa. Iwo ankati, banki ndiyo isunga ndalama za wolipirayo, nanga angaipose ndani?

Koma ine ndiona kuti anaiwala cinthu cimodzi: mabanki kugwirizana nkobvuta, pakuti onse alimbirana munthu yemweyo. CheckFree sinafe ai. Mu 2007 Fiserv inaigula ndi madola 4.4 biliyoni.