Mphatso ya Mwana kwa Mnzake: Zimene Makatuni Angaphunzitse



Tiyambe ndi kanthu kamene ambiri a ife tidakaonapo m'nyumba zathu. Mwana wa zaka zitatu wauzidwa kuti mawa ndi tsiku lokumbukira kubadwa kwa mayi ake, ndipo bambo apita naye ku golosale kuti akasankhe mphatso. Kodi mwanayo aloza chiyani? Aloza kagalimoto kapulasitiki, kapena switi ya pakamtengo. Mukamfunsa kuti, "Kodi amayi amasewera ndi galimoto?" iye akuyang'anani modabwa, pakuti m'mutu mwake chinthu chokoma kwa iye nchokoma kwa dziko lonse. Tisafulumire kumnena kuti ngwodzikonda. Mtima wopatsa ali nawo, ndipo waloza chinthu chopambana zonse zimene iye akuzidziwa. Chimene sanafikepo ndi kuzindikira kuti mumtima mwa mnzake muli zofuna zosiyana ndi zake. Nzeru imeneyi munthu sabadwa nayo yokhwima. Imachita kumera, ndipo imamera pa msinkhu womwewu.

M'chaka cha 1997 akatswiri awiri a kaganizidwe ka ana, Betty Repacholi ndi Alison Gopnik, adafalitsa zotsatira za kafukufuku wina wosavuta kumva. Adaika mbale ziwiri patsogolo pa mwana: ina ya timabisiketi, ina ya masamba aawisi otchedwa broccoli, amene ana ambiri sawafuna. Munthu wamkulu ankalawa zonse ziwiri mwanayo akuona. Akalawa masamba ankaonetsa nkhope yokondwa, koma akalawa bisiketi ankachita tsinya ngati walawa ndulu. Kenaka ankatambasula dzanja kupempha. Ana a miyezi 14 kawirikawiri ankampatsa mabisiketi, zimene iwowo amakonda. Ambiri a miyezi 18 ankampatsa masamba aja. Ena amene adabwereza kafukufukuyu pambuyo pake sadapeze kusiyana koonekera chotere, tsono miyeziyo tisaitenge ngati lamulo. Koma chithunzicho tichisunge: kamwana kotenga chinthu chimene iko sikakonda, nkuchipereka chifukwa kaona nkhope ya mnzake. Mphatso yoganizira imayambira pamenepo, ndipo ubwenzi umayambiranso pomwepo.

Nanga adzamphunzitsa ndani mwana kuyang'ana nkhope ya mnzake? Ife amene tidakula kusanabwere zimene zilipo lerozi tidaphunzira pa bwalo ndi pa moto, agogo akati "Padangokhala," ife nkuyankha "Tili tonse." Wailesi ya kanema ya dziko la Malawi idayamba m'chaka cha 1999, ambiri a ife tili akuluakulu kale. Lero mwana wosadziwa nkomwe kumanga zingwe za nsapato amadziwa pokanikiza pa foni ya mayi ake kuti makatuni ayambe. Nkwapafupi kwa mlaliki kuima pano nkutemberera zonsezo. Ife sitichita tero, pakuti makatuni ndi nthano zomwe zija zovala malaya ena: Kalulu ndi Fisi nawonso adali nyama zolankhula. Ndipo pakati pa makatuni ambirimbiri aphokoso ndi omenyana alipo ena amene adapangidwa ndi anthu oganizira mwana mozama. Tikambepo awiri.

Oyamba ndi a chimbalangondo chotchedwa Winnie-the-Pooh. Nkhani zake adazilemba A. A. Milne ku England, buku loyamba lidatuluka mu 1926, ndipo kampani ya Disney idasandutsa imodzi mwa nkhanizo katuni mu 1983. M'nkhaniyo muli bulu wankhope yakugwa, dzina lake Eeyore, amene tsiku la kubadwa kwake lafika popanda wolikumbukira. Anzake atazindikira, athamangira kukafuna mphatso. Pooh atenga mtsuko wa uchi, koma njala imgwira panjira, aiwala kumene akupita nawo, nanyambita uchi wonse. Kankhumba kotchedwa Piglet katenga chibaluni chofiira, kathamanga, kapunthwa, chibaluni nkuphulika. Tsono bulu uja alandira mtsuko wopanda kanthu ndi kansanza ka baluni. Akadakhala ena a ife tikadati, "Mwandinyoza." Koma iye aona kuti kansanzako kakukwana bwino mumtsukomo, ayamba kukalowetsa ndi kukatulutsa, ndipo nkhope ija yakugwa iwala.

Mwana wa zaka zinayi akaona zimenezi amaseka, ndipo ali nako kuseka. Koma taonani kuchuluka kwa zimene zabisika m'menemo. Muli chisoni cha munthu woiwalika. Muli kulakwa kwa wopatsa amene mimba yake idapambana chikondi chake, chinthu chimene ngakhale ife a imvi timachidziwa. Muli manyazi a Piglet, amene akadatha kubwerera kwawo, koma adapitabe kukapereka kansanza kake nanena zoona. Mulinso luso la kulandira, limene sitiliphunzitsa kawirikawiri: timauza mwana kuti alandire ndi manja awiri ndi kunena zikomo, ndipo nzabwino, koma kuona chikondi cha wopatsa ngakhale mphatsoyo yafika yoonongeka ndi phunziro lina lakuya. Zonsezi zili m'katuni wosakwana theka la ora. Komabe mwana akasiyidwa yekha, chimene adzakumbuka ndi kuphulika kwa baluni basi.

Katuni wachiwiri ali ndi mbiri imene tikufuna tiifotokoze pang'ono, chifukwa mbiriyo payokha ndi nkhani ya mphatso. Fred Rogers adabadwa mu 1928 ku Latrobe, m'dera la Pennsylvania ku America. Ali mwana adali wamanyazi ndi wodwaladwala mphumu, ndipo nthawi zambiri ankasewera yekha ndi zidole. Mu 1951 adaona wailesi ya kanema kwa makolo ake, anthu akuponyerana chakudya kumaso kuti oonera aseke. Zidamuipira, koma m'malo mochoka adaganiza zolowa ntchitoyo kuti akaikonze. Mu 1954, pamene nyumba ya kanema ya WQED inkayamba mumzinda wa Pittsburgh, mayi amene ankaitsogolera, Dorothy Daniel, adampatsa kachidole kovala kumanja, kakambuku kamizeremizere. Sikadali kanthu ka mtengo wapatali. Koma kadafika m'manja oyenera: munthu wamanyazi uja adakatcha Daniel, dzina la wopatsayo, ndipo kudzera m'kamwa mwa kachidoleko adayamba kunena za mantha ndi nkhawa zimene ana amakhala nazo koma sadziwa kuzitchula.

Rogers adadzozedwa ubusa mu mpingo wa Presbyterian mu 1963, ndipo ntchito imene adapatsidwa idali yotumikira ana ndi mabanja kudzera pa kanema. Sadali wa mpingo wathu, koma sitichita manyazi kuphunzira kwa iye. Pulogalamu yake, Mister Rogers' Neighborhood, idayamba kuonetsedwa m'dziko lonse la America mu 1968 ndipo idatha mu 2001, itakwana zigawo pafupifupi 900. Kwa zaka zambiri ankakhala pansi ndi katswiri wa kakulidwe ka ana, Margaret McFarland, kusinkhasinkha mawu amene adzanena kwa ana. Poyamba pa chigawo chilichonse ankavula jekete nkuvala juzi. Majuzi amenewo kwa zaka zambiri ankaluka ndi mayi ake, Nancy Rogers, amene adali ndi chizolowezi cholukira abale awo majuzi nkuwapatsa pa Khrisimasi. Limodzi la majuziwo, lofiira, lidaperekedwa mu 1984 ku nyumba yosungira zinthu zakale ya Smithsonian ku Washington. Ana mamiliyoni ankaona tsiku ndi tsiku munthu wamkulu atavala ntchito ya manja a mayi ake.

Rogers adamwalira mu 2003. Mu 2012 kudayamba katuni wotchedwa Daniel Tiger's Neighborhood, amene adamuyambitsa Angela Santomero potsata nzeru zake. Mwini nkhani ndi kakambuku ka zaka zinayi, mwana wa Daniel woyamba uja, ndipo nako kamavala juzi lofiira. Kapangidwe kake nkoyenera kukaonetsetsa. Chigawo chilichonse chimakhala ndi nkhani ziwiri zazifupi za mutu umodzi: kubwerekana zidole, kudikira nthawi yako, kupepesa, kupangira bambo kanthu ndi manja ako. Phunzirolo amaliika m'kanyimbo ka mawu ochepa kamene kamabwerezedwa kangapo, monga momwe nyimbo imabwerera m'nthano zathu mpaka ana onse ataigwira. Ndipo kakambukuko kamatembenukira kwa mwana woonera, kumufunsa funso, nkukhala chete pang'ono kudikira yankho.

Tsono funso lalikulu ndi ili: kodi zimagwira ntchito? Mu 2016 Eric Rasmussen ndi anzake a pa sukulu ya ukachenjede ya Texas Tech adafalitsa zimene adapeza pa ana 127 a zaka ziwiri mpaka zisanu ndi chimodzi. Ena mwa anawo adaonera zigawo khumi za katuniyu pa milungu iwiri, ena adaonera zina. Amene adaonera Daniel Tiger adaonetsa kumvera anzawo chisoni kwambiri ndi kuzindikira bwino za mumtima poyang'ana nkhope. Koma mverani bwino apa, makolo. Phindu la chifundolo lidaonekera mwa ana amene makolo awo adali ndi chizolowezi chokambirana nawo zimene amaonera. Katuni ndi yemweyo, kanyimbo nkomweko, koma kwa mwana wongosiyidwa pamaso pa galasi mbewu ija siidamere chimodzimodzi.

Zimenezi sizikutidabwitsa. Nthano ya agogo inkaphunzitsa chifukwa agogowo adali pomwepo. Ankaona amene wachita mantha, ankaona amene wagona, ndipo m'mawa mwake mukalimbirana chimanga chokazinga ankati, "Iwe, wayamba kukhala Fisi wa dzulo uja?" Foni singachite zimenezo. Siidziwa dzina la mnzake wa mwana wanu, siidziwa kuti dzulo adakangana chifukwa cha mpira wachikulunga. Amene akudziwa ndinu. Tikudziwa kuti mayi wobwera ku msika atatopa, nsima isanaphikidwe, amapatsa mwana foni kuti apeze mpata, ndipo sitikumuweruza. Tikungopempha mphindi zochepa. Khalani naye pansi pa chigawo chimodzi. Chikatha mufunseni: "Bulu uja anali wachisoni chifukwa chiyani? Nanga mnzako wa ku sukulu uja amakonda chiyani?" Poyamba adzatchula zimene iye amakonda. Mufunseninso: "Udamuona akuseka liti? Ankachita chiyani?" Apo mwayamba kutembenuza maso ake. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, WHO, lidalangiza mu 2019 kuti mwana wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ora limodzi pa tsiku atakhala pamaso pa kanema kapena foni, ndi kuti wosakwana zaka ziwiri asamaonere. Ora limodzi ndi lokwanira ngati wamkulu ali pafupi, ndipo maora asanu sangalowe m'malo mwa wamkuluyo.

Pali msampha wina umene tiyenera kuutchula. Makatuni ambiri, ngakhale abwino omwe, amatsatana ndi malonda: zikwama, mabotolo ndi zidole zokhala ndi nkhope zomwezo. Mwana angathe kuphunzira kuti mphatso ndi chinthu cha m'sitolo chokulungidwa m'pepala lonyezimira, ndipo kholo losauka nkuyamba kuchita manyazi kutumiza mwana wake ku chisangalalo cha mnzake. Apa mpomwe juzi la mayi a Rogers likutithandiza. Galimoto ya mawaya, ng'ombe youmba ndi dothi, chithunzi chojambula pa pepala la m'kope, mango awiri osankhidwa chifukwa mnzakeyo amakonda a dodo: m'zimenezi mwana waikamo nthawi yake ndi maganizo ake. Ndipo inu akuluakulu, mwana akakupatsani chibanzi cholumidwa kale mbali imodzi, kumbukirani bulu uja. Mukachiponyera galu iye akuona, mwamphunzitsa kanthu kamene katuni aliyense sadzakafafaniza.

Makolo athu adati kupatsa nkuika, ndipo pa moyo wa m'mudzi mwambiwu ngwoona: amene wathandiza pa maliro a mnzake sadzakumba yekha manda a kwawo. Koma kwa kamwana tisayambire pamenepo. Tikati, "Mpatse kuti nayenso adzakupatse," taphunzitsa ngongole, ndipo mwana wochenjera adzayamba kuwerengera amene ali ndi zambiri zobweza. Ana osauka, olumala ndi amanyazi adzatsala kunja kwa bwalo. Mwambiwo adzaumva akadzakula. Panopa aphunzire kaye kufunsa kuti mnzakeyo akusowa chiyani.

Rogers yemwe uja nayenso adaphunzitsidwa funso limeneli ndi mwana. M'nyumba ya pulogalamu yake mudali nsomba zoweta m'galasi la madzi, ndipo iye ankazidyetsa kawirikawiri mwakachetechete, akukamba zina. Tsiku lina adalandira kalata ya kamtsikana ka zaka zisanu, kopempha kuti azinena akamadyetsa nsombazo, chifukwa kankada nkhawa kuti mwina zikugona ndi njala. Bambo ake adaonjezera pansi pa kalatayo kuti mwanayo ndi wosaona, ndi kuti amalira akapanda kumva za nsombazo. Rogers adayamba kumanena mokweza kuti tsopano akudyetsa nsomba. Ana ena onse oonera ankaona ndi maso awo chakudya chikugwera m'madzi, ndipo sadadziwe chifukwa chake bamboyo ankanenanso ndi pakamwa.