Mbalame ndi Magalasi a pa Sukulu



Kale, pamene sukulu zathu zinali za udzu, ndi mazenera ali cabe mphako m'cipupa, mbalame zinkalowa ndi kuturuka mwa mtendere. Koma ciyambire caka ca 2012, pamene Vubwi anapatuka ku Chadiza nakhala boma pa yekha, nyumba za magalasi zacuruka m'dziko la Mfumu Pembamoyo, ndipo si cacilendo kutola njiwa yakufa patsinde pa zenera.

Mbalame siiona galasi. Iona mtengo ndi thambo zimene zioneka m'galasimo, niyesa kuti ndi njira. Ndiponso pamene mazenera awiri apenyana, monga m'zipinda zathu zambiri zophunziriramo, ifuna kupyola, nigunda mutu. Ku America, kumene anafufuza za ici m'caka ca 2014, anapeza kuti zimene zifa cotero caka ciri conse siziperewera pa 365 miliyoni.

Mlandu wa nang'omba ndi wina. Iye akaona cithunzi cace ayesa kuti mdani walowa m'dera lace, natompha ndi mlomo wace waukuruwo kufikira galasi litasweka. Apo aphunzitsi apsa mtima, pakuti galasi ndi ndalama za makolo, ndipo anyamata athamangira malegeni. Ine nditi awaletse. Banja la nang'omba lilera mwana mmodzi yekha, ndipo ku South Africa anawerenga kuti mwana wokula bwino apezeka monga kamodzi pa zaka 9. Mukapha mmodzi, ana a Giredi 1 adzatsiriza sukulu yathu malo ace asanadzazidwe. Komweko a Mabula Ground Hornbill Project amaphimba mazenera a sukulu za kumidzi kuti mbalamezi zisadzionenso.

Ife tingacite comweco ndi zimene tiri nazo. Sungunulani laimu, ana alembe madontho kapena mizere pagalasi, kunja kwace, pakuti za m'kati sizicotsa cithunzi. Mpata pakati pa madontho usapitirire masentimita 5, ndiko kuti zala zitatu. Ukakula, timba ayesa kuti akwana. Cithunzi cimodzi ca kabawi comata pakati sicithandiza, ngakhale cikondweretsa alendo. Mvula ikatsuka laimu, lembaninso. Amene ali ndi sefa ya udzudzu aikhomere kunja, ndipo apha udzudzu njira nateteza mbalame. Zingwe za mlaza zolendewera motalikirana masentimita 10 zigwiranso nchito.

Mbalame ikagwa iri moyo, musaimwetse madzi, ingatsamwe. Muiike m'katoni yoboola, pamthunzi, kutali ndi mphaka, kwa ora limodzi kapena awiri, ndipo mutsegule panja. Mwana mmodzi alembe m'buku la kalasi tsiku, dzina la mbalame, ndi zenera limene inagunda. Pakutha kwa temu mudzadziwa mazenera amene ayenera kuyamba kupakidwa, ndipo tidzalinganiza mabukuwo pa msonkhano ulinkudza.