Mwana wa ku Busa Timfunsenso Pakhomo



Ku Euthini, m'boma la Mzimba, mnyamata wa zaka 10 amatsekula khola m'maŵa natuluka ndi ng'ombe za atate ake. Tsiku lonse ali ku dambo popanda wamkulu. Ndiye amene amaona kumene kuli msipu, nthaŵi yozimwetsa, ndi njira yoti zisaloŵe m'munda wa eni. Chuma chonse cha banja, ngakhale malowolo a akulu ake, chili m'manja mwake. Koma madzulo akafika pakhomo, mwana yemweyo timangomuuza kuti, "Khala chete, ndiwe mwana." Kodi nzeru zija zimatsalira ku dambo?

Anyamata ambiri a ku Mzimba akasinkhuka amakwera basi ya ku Johannesburg kukafuna ntchito. Kumeneko kulibe agogo, kulibe atate aang'ono. Wina adzamuitanira ndalama za msanga zopezeka mumdima, ndipo mwana wanu adzayankha yekha, usiku, popanda womfunsa. Ngati kwao sanasankhepo kanthu, adzangotsata amene walankhula mokweza.

Kumbukirani Kizito Woyera. Anali wa zaka pafupifupi 14 pamene anamuotcha pa Namugongo, ku Uganda, pa 3 Juni 1886. Ankatumikira ku nyumba ya Mfumu Mwanga, kutali ndi makolo ake. Ubatizo anachita kuupempha yekha, mpaka Charles Lwanga anambatiza masiku ochepa asanafe. Panalibe womkakamiza; mwanayo anali atadziŵa kale chimene mtima wake ukufuna.

Tsono yambani ndi zazing'ono. Mpatseni mwana nkhuku imodzi, kapena mizere ingapo ya mtedza, akhale mwini wake, mtsikana chimodzimodzi mnyamata. Akagulitsa nkhukuyo namwaza ndalama pa masiwiti, musamkwapule, komanso musathamangire kumgulira ina. Ndikudziŵa, amayi, kuti pamenepa mtima umapweteka. Mlekeni aone anzake akutola mazira iye alibe, kenaka mukhale naye pansi afotokoze yekha pamene analakwa.

Ndipo inu aphunzitsi, ana akatha kuloŵeza mayankho Lamulungu likudzali, aikireni mlandu: ng'ombe zadya chimanga cha mnzako, ndipo palibe wakuona; uchita chiyani? Mukafunsa mudikire, musaŵayankhire, ngakhale kukhale zii kwa kanthaŵi.