Kodi Mpikisano wa Magalimoto Umadya Ndalama Zingati?

(Mawu awa anakambidwa pa msonkhano wa anyamata pa Nkhata Bay)

Ena mwa inu mwabwera ndi magalimoto kuchokera ku Joni, ndipo mwandifunsa kuti munthu wamba angawononge ndalama zingati akafuna kulowa mipikisano ya liwiro chaka chathunthu. Tengani kope ndi pensulo tiwerengere pamodzi.

Ndalama yolembetsera dzina ndiyo yochepa mwa zonse. Pafunikanso chiphaso cha mpikisano, chisoti cholimba, malamba, chozimira moto, ndi zitsulo zowotcherera m'kati mwa galimoto kuti denga lisakuphwanyeni ikagubuduzika. Izi mugula kamodzi.

Zimene zimatha thumba ndi zobwerezabwereza. Galimoto ikamathamanga imamwa petulo koopsa. Ngati yanu imayenda makilomita 10 pa lita, inu lembani 5. Matayala amene akadakhala nthawi yaitali pa msewu wa Mzuzu, pa miyala angathe tsiku limodzi lokha. Onjezani oyilo, mabuleki ndi masipuling'i. Muwonkhetse za mpikisano umodzi, kenaka muchulukitse ndi chiwerengero cha mipikisano ya chakacho.

Tsono ife a kunyanja kuno tili ndi vuto lathulathu, ndilo mtunda. Simudzathamangitsana pa msewu wa Chintheche ayi, pakuti umenewo ndi msewu wa anthu onse, ndipo ana a sukulu amayenda momwemo. Mudzapita kutali, ndi makaniko wofuna kudya ndi kugona. Lembaninso mtengo wa lole yodzanyamula galimoto ikafera kumeneko.

Musati ndikukuwopsezani. Mpikisano wotchuka wa Safari unayamba m'chaka cha 1953 ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika, ndipo poyamba ankalowamo anthu wamba ndi magalimoto oyendera masiku onse. M'chaka cha 1963 ananyamuka magalimoto 84, koma amene anafika kumapeto anali 7 basi. Eni a magalimoto 77 aja analipira zonse tawerenga pano, nabwerera kwawo chimanjamanja. Zoonadi, m'chaka cha 1965 Joginder Singh ndi mbale wake Jaswant anapambana ndi Volvo yakale imene inathamangapo kale m'manja mwa ena. Koma Joginder anakulira m'galaja ya atate ake, ndipo galimotoyo anaikonza okha. Inu amene simudziwa kugwira sipanala, ntchito yotere mudzailipira.

Pa mzere wotsiriza lembani mtengo wa galimoto yeniyeniyo, chifukwa inshuwalansi wamba salipira zowonongeka pa mpikisano. Mphotho musailembe konse. Ndipo ngati galimotoyo ndi yomwe imanyamula usipa kupita ku Mzuzu, werengerani masiku amene idzakhala pa majeke, mukawonetse amayi kunyumba kopelo musanalembetse dzina.