Kusamala Madzi a m'Dziwe la Nsomba

Ndapemphedwa kulankhula ndi amene mwangoyamba kumene kuweta nsomba, popeza ambiri mwakumba maiwe kudimba kuti mupeze ndiwo ndi ndalama za fizi ya ana.

Nsomba imadya m'madzi, imapuma m'madzi, ndipo zoipa zake imatayanso m'madzi momwemo. Madziwo akaonongeka, makumba kapena chilunguni chonse chikhoza kufa usiku umodzi, ndalama zimene munagulira mbeu n'kulowa m'madzi. Chifukwa chake ntchito yaikulu ya mwini dziwe ndiyo kuyang'anira madzi.

Choyamba, onani mtundu wa madzi. Madzi oyera ngati a pachitsime ndi anjala kwa nsomba. Abwino ndi obiriwira pang'ono, chifukwa kubiriwirako ndi tizomera ting'ono-ting'ono timene nsomba zimadya. Timamera mukathiramo manyowa a nkhuku, a mbuzi kapena a ng'ombe. Poyesa, pisani mkono mpaka m'chigongono. Ngati zala zikuoneka bwino-bwino, onjezani manyowa. Ngati zikuyamba kubisika pamenepo, madzi ali bwino. Koma dzanja likasowa mutangolimiza pang'ono, manyowa achuluka, ndipo muyambe mwaleka kuthira.

Chachiwiri, pitani kudziwe m'mamawa dzuwa lisanatuluke. Masana tizomera tija timapanga mpweya umene nsomba zimapuma, koma usiku timaugwiritsa ntchito pamodzi ndi nsombazo, kotero kuti mbandakucha mpweya umakhala utachepa kwambiri. Mukapeza nsomba zili pamwamba, kukamwa yasa! ngati zikumwa mphepo, dziwani kuti zikubanika. Tsegulani ngalande msanga kuti mulowe madzi atsopano, ndipo tsiku limenelo musathire chakudya kapena manyowa. Vutoli limakula mu Okutobala ndi Novembala, pakuti madzi ofunda sasunga mpweya wambiri.

Chachitatu, chakudya chikhale cha muyeso. Madeya wazani pamalo amodzi-modzi, nthawi imodzi-modzi, kawiri pa tsiku. Otsala amamira n'kuola, ndipo poolapo amatha mpweya wa nsomba. Mu Juni ndi Julaye madzi amazizira ndipo nsomba sizidya kweni-kweni, choncho chepetsani madeyawo.

Chachinai, musadzaze dziwe. Nsomba ziwiri kapena zitatu pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi n'zokwanira kwa oyamba kumene. Ndiye kuti dziwe la mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi likhale ndi nsomba 400 mpaka 600. Makumba amaswana msanga, ndipo akapanikizana sakula. Pobwera ndi mbeu, musaikhuthule nthawi yomweyo. Yandamitsani ndowa m'dziwe, muzilowetsamo madzi pang'ono-pang'ono mpaka tiana tituluke tokha.

Chachisanu chili m'manja mwathu ife amai. Tisachape zobvala ndi sopo pa ngalande yopita kudziwe. Mpope wopoperera mbeu zakudimba usatsukidwe pafupi, chifukwa mankhwala ophera tizilombo amaphanso nsomba. Tiuzenso ana athu zimenezi. Udzu wa m'mbali uzidulidwa kuti ng'azi ndi katumbu asowe pobisala.

Mukaona chachilendo, funsani alangizi a za nsomba a m'dera lanu nsomba zisanayambe kufa. Mukasunga zimenezi, pakatha miyezi 6 kapena kupitirira pang'ono mudzakolola nsomba zodya pakhomo ndi zogulitsa.