KHUTBA YA JUMU'AH: MAYI WOZUNZIDWA AKADANDAULE KUTI?

Timuyamike Allah (S.W.T) amene watisonkhanitsa pa tsiku lino la Jumu'ah. Madalitso ndi mtendere zikhale kwa Mtumiki wathu Muhammad (S.A.W), akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo anga mu Chisilamu, m'makomo mwathu muli chizolowezi chouza mayi amene akumenyedwa kuti apirire, ati banja ndi kupirira. Sabr ndi chinthu chamtengo wapatali, koma sikusekerera chinyengo. Kumbukirani mayi Khawla bint Tha'laba. Mwamuna wawo, Aws ibn Samit, atawalankhula mawu owasiya m'malere, osakhala mkazi wake komanso osakhala womasuka, iwo adapita kwa Mtumiki (S.A.W) nakadandaula mobwerezabwereza. Allah adamva dandaulo lawo, ndipo surah yonse ya 58, Al-Mujadila, idatchedwa ndi nkhani ya mayi ameneyu. Nanga ife ndife yani kuti titseke pakamwa pa mlongo wathu?

Surat An-Nisa ikupereka njira yoyamba: pakabuka mkangano, pasankhidwe munthu wakuchimuna ndi wina wakuchikazi kuti ayanjanitse. Kuno kwathu amenewa ndi ankhoswe, ndipo mashehe timathandizira. Koma pamene pakhetsedwa mwazi, kapena mwana wagwiriridwa, nkhaniyo yaposa ankhoswe. Ndi mlandu.

Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino, a 1994, likuteteza mayi ku tsankho. Lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja la 2006 silikunena za kumenya kokha. Kutukwana, kuopseza ndi kumana ndalama nazonso ndi nkhanza. Bambo amene walima soya kapena mtedza pamodzi ndi mkazi wake, nakagulitsa pa Kamwendo kapena ku Mkanda, n'kubwerera chimanjamanja patatha sabata, adziwe kuti khoti la majisitireti lingathe kumuitana. Khotilo lili ndi mphamvu yomuletsa kuyandikira mayiyo, ngakhalenso kumutulutsa m'nyumba kuti mayi ndi ana akhale mwamtendere.

Za amasiye ndiye zimatichititsa manyazi. Mayi ali pa edda ya miyezi inayi ndi masiku khumi, achibale a malemu ayamba kale kuwerenga malata ndi mbuzi. Qur'an idampatsa mayiyu gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu ngati pali ana, limodzi mwa anayi ngati palibe, ndipo ana aakazi nawo ali ndi gawo lawo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 likuti kulanda katundu wotere ndi mlandu. Wolandayo adzayankha kawiri, kukhoti ndi pa tsiku la Qiyamah.

Poti tili m'malire, ena amaganiza kuti akawolotsa mtsikana pa Mwami kukamukwatitsa ku Chipata ndiye kuti athawa lamulo. Malawi adakhazikitsa zaka 18 mu 2015 ndi 2017, Zambia nayo idatero mu 2023. Mtumiki (S.A.W) adathetsa ukwati wa Khansa bint Khidham chifukwa bambo ake adamukwatitsa iye asakufuna. Shehe aliyense afunse zaka ndi chilolezo cha mkwatibwi asanamange nikah. Chenjeraninso ndi anthu olonjeza atsikana ntchito kutsidya. Lamulo la 2015 loletsa kuzembetsa anthu lidabwera chifukwa cha otere.

Tsono mlongo wanga, pita ku Victim Support Unit ya polisi, kuno pa boma kapena ku polisi yomwe uli nayo pafupi. Ngati wagwiriridwa, fika kuchipatala maola 72 asanathe kuti ulandire mankhwala oteteza ku HIV. Ofesi ya Social Welfare imathandiza pa za ana ndi chisamaliro chawo, Legal Aid Bureau imapereka loya kwa wosowa ndalama, ndipo Malawi Human Rights Commission imalandira madandaulo a tsankho. Za mwana imbani 116, mwaulere. Amayi a Dawah, mlongo amene akuopa kupita yekha mumperekeze.